POIZONI WOKANIDWA KWAO ANAPITA KWA AMPHAWI

M'caka ca 1977 anchito a pa fakitale ya Occidental Chemical ku Lathrop, m'cigawo ca California ku America, anazindikira cinthu coopsa: ambiri mwa amuna osakaniza mankhwala odziwika ndi dzina lakuti DBCP sanali kubereka ana. Madokotala atawapima anapeza kuti ena mbewu yaumuna inacepa, ena inatheratu.

Mankhwalawa, ogulitsidwa ndi maina monga Nemagon ndi Fumazone, anali kuthiridwa m'nthaka kuti aphe tinyongolotsi todya mizu ya mbewu. Kodi owapanga sanadziwe kuopsa kwake? Anadziwa ndithu. Kale mu 1961 akatswiri, kuphatikizapo a kampani ya Dow Chemical, anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti ziwalo zoberekera za makoswe aamuna zinafota ndi mankhwalawa. Makoswe anacitira umboni, koma eni cuma anatseka makutu.

Boma la America linayamba kuletsa DBCP mu 1977, ndipo mu 1979 linaletsa pafupifupi nchito zake zonse. Wanchito wa ku California anatetezedwa. Nanga wa m'minda ya nthoci ku Costa Rica, Honduras ndi Nicaragua? Kumeneko kampani ya Standard Fruit inapitiriza kugwiritsa nchito poizoniyu pambuyo pa 1977, ndipo anchito ambiri anamgwira ndi manja popanda zodzitetezera, osauzidwa kanthu. Nthoci zinafika m'masitolo a maiko olemera zili zosalala ndi zokongola. Cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere!

Amuna zikwizikwi anadandaula m'makhoti kuti anasanduka osabereka. Mu 1997 makampani opanga mankhwalawa anavomera kulipira madola oposa 41 miliyoni kwa anchito pafupifupi 26,000 a m'maiko osiyanasiyana. Ndalamazo zikagawidwa mofanana, munthu mmodzi sakwanitsa ngakhale madola 2,000. Kodi umenewo ndiwo mtengo wa banja lopanda mwana?

Odyera anzao masuku pamutu amanena kuti popanda mankhwala mbewu zimaonongeka ndipo nchito zimatha. N'zoona kuti tizirombo tiyenera kuphedwa. Koma munda umalimidwa kuti munthu akhale ndi moyo, ndipo phindu lodya thupi la wolimayo ndi kuba. Poizoni wopha ubereki ku California sasanduka madzi akaoloka malire.

Pangano la ku Rotterdam la 1998, limene linayamba kugwira nchito mu 2004, limafuna kuti dziko liuzidwe ndi kuvomereza lisanatumiziridwe mankhwala oopsa olembedwa m'panganolo. Koma pangano silivala magolovesi. Wanchito aliyense wopopera thonje, fodya kapena ndiwo ayenera kudziwa dzina la mankhwala ali pamsana pake, kupatsidwa zovala zoteteza thupi, mphuno ndi manja, ndiponso madzi ndi sopo zosambira akaweruka. Bwana wokana kupereka zimenezi ayenera kuonekera pamaso pa lamulo. Moyo wa mmphawi suli wochipa kuposa wa wolemera.