Kodi Graphene Angayeretse Madzi Oipitsidwa?

Graphene ndi kaboni wopyapyala kwambiri, wochindikala ngati atomu imodzi yokha. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupeza mu 2004 pa yunivesite ya Manchester pomatula graphite, yemwe amapezeka m'mapensulo, ndi tepi yomatira. Mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Patsogolo pake panabwera zina zopyapyala chimodzimodzi, monga MXene, amene anapangidwa ku yunivesite ya Drexel ku Philadelphia mu 2011.

Mphamvu ya zinthuzi ili pa kupyapyala komweko. Popeza maatomu ake onse ali poyera, galamu imodzi ya graphene ili ndi malo okwana masikweya mita pafupifupi 2,600, ndipo paliponse pamenepo pangamatirire poizoni. Graphene oxide, mtundu wina wa graphene, amakoka mtovu ndi utoto wa m'mafakitale a nsalu. Molybdenum disulphide, winanso wopyapyala chimodzimodzi, amagwira mercury mwamphamvu chifukwa cha sulufule amene ali nayo. Mapepala a graphene oxide akasanjikizidwa amasanduka sefa, ndipo mu 2017 gulu la Rahul Nair ku Manchester linaonetsa kuti timipata ta pakati pa mapepalawo tikachepetsedwa, madzi amadutsa koma mchere wambiri umatsala.

Zimenezi n'zolimbikitsa, koma zambiri zachitikira mu labotale, m'madzi oyera othiramo poizoni wa mtundu umodzi. Madzi a mumtsinje ali ndi matope, mchere, ndere ndi tizilombo, zomwe zimalimbirana malo omwewo n'kutseka sefa msanga. Kapangidwe ka zinthu zopyapyalazi nakonso kamadetsa nkhawa. Njira ya Hummers ya mu 1958, yomwe ambiri amapangirabe graphene oxide, imafuna asidi wa sulufule wambiri, pomwe MXene woyamba anapangidwa ndi asidi wa hydrofluoric, woopsa zedi kwa munthu. Kuipitsa madzi ku fakitale pofuna kuyeretsa madzi kwina si phindu ayi.

Vuto lalikulu koposa limabwera ntchito ikatha. Poizoni sanathe, wangosamukira pa tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo tikapulumukira mumtsinje n'kovuta kutitolanso. Kafukufuku waonetsa kuti graphene oxide amatha kuwononga maselo a mabakiteriya ndi a ndere, choncho kumuwaza m'nyanja kapena m'dothi n'kuika zamoyo pachiswe. Ku malo ngati Kabwe ku Zambia, komwe mtovu unatsala m'dothi mgodi utatsekedwa mu 1994, chofunika n'kuchotsa kapena kukwirira dothilo, osati sefa.

Palinso makala oyeretsera madzi, omwe amapangidwa ngakhale kuchokera ku zikamba za kokonati. Ndi otchipa ndipo khalidwe lawo likudziwika bwino. Graphene ndi anzake ayenera kugwira ntchito pomwe makalawo akulephera, atamangidwa zolimba mkati mwa sefa, pa paipi yotulutsa madzi oipa ku fakitale kapena ku mgodi, pomwe sefa yotha ntchito ingachotsedwe n'kusungidwa mosamala.