Musanakhulupirire matailosi onyezimira, funsani nambala yake

Anthu akamagula matailosi amafunsa mtengo, mtundu ndi kunyezimira kwake. Funso loti akanyowa aterera motani silimveka kawirikawiri. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi ndikuti funso limeneli liziyamba ndilo, makamaka pa khonde la sukulu, m'chipatala, kubafa ndi kukhitchini. Ndipo yankho lake lizikhala nambala yoyezedwa, osati mawu a wogulitsa akuti, "Awa ndi abwino kwambiri, bwana."

Mwina mukuti kugwa ndi nkhani yongoseka. Munthu waterereka, anzake aseka, wadzuka, wasasa fumbi, basi. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 pa 100 alionse mwa iwo ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Pa imfa zangozi, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi zapamsewu. Si onse amene anagwa chifukwa choterereka, ena anagwa kuchokera pamwamba, komabe pansi poterera pali mbali yake. Inu mukagwa mudzuka. Agogo anu akagwa chagada n'kuthyoka fupa la m'chiuno, mwina sadzayendanso.

Ndiye fizikisi ikuti chiyani? Mukaponda, chidendene chimafika pansi chikukankhira kutsogolo. Kuti musagwe, pansipo payenera kuchibweza, ndipo mphamvu yobwezayo ndi friction imene mumaphunzira m'kalasi. Tikagawa mphamvu imeneyi ndi mphamvu imene nsapato ikupsinja nayo pansi, timapeza coefficient of friction. Nambalayi ikachepa kuposa imene kayendedwe kanu kakufuna, phazi limathawa. Pansi pouma vutoli silichitika kawirikawiri, ngakhale pa tailosi losalala. Chimasokoneza ndi madzi: amapanga kansalu kopyapyala pakati pa chidendene ndi tailosi, ndipo ngati palibe timapiri ting'onoting'ono toboola kansaluko, mukuponda madzi, simukuponda pansi.

Akatswiri ali ndi njira zoyezera zimenezi. Yodziwika kwambiri ndi ya pendulum, imene Percy Sigler anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1940 ndipo inakonzedwanso ku Britain poyeza misewu. Ndi mkono wachitsulo wokhala ndi kachidutswa ka labala kunsonga. Amausiya kuti ulendewere, labalayo n'kukhula pansi mtunda wa mamilimita 126, ngati mmene chidendene chimachitira. Pansi pakakhala pogwira, mkonowo umataya mphamvu yambiri ndipo sukwera patali mbali inayo. Mwaiona energy ya m'buku ija ikugwira ntchito, eti? Bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain la HSE limagawa zotsatira chonchi: 0 mpaka 24, mwayi woterereka ndi waukulu, 25 mpaka 35, ndi wapakatikati, 36 kupita m'mwamba, ndi wochepa.

Njira ina ndi ya ku Germany. Munthu amamangidwa malamba achitetezo n'kumayenda pa matailosi opakidwa oyilo, uku akuwapendeketsa pang'onopang'ono mpaka aterereke. Madigiri amene watererekera ndi amene amapereka zilembo zolembedwa pa makatoni ena: R9 ndi madigiri 6 mpaka 10, R10 ndi 10 mpaka 19, kukafika pa R13 amene amaposa madigiri 35. Apa pali msampha. Munthu akaona R9 amayesa ndi 9 pa 10, pomwe muyezowu umayambira pa 9 pomwepo. R9 ndiye wotsikitsitsa. Tengani kalikuleta mupeze tan ya madigiri 10: mupeza 0.18. Ya madigiri 20 ndi 0.36. Masamu omwewo a thabwa lopendekeka akuuzani kuti tailosi la R9 si loika pa khonde pomwe mvula imawaza.

Ena anganene kuti pansi pokhakhala ndi povuta kukolopa, pamasunga litsiro, ndipo m'chipatala ukhondo ndi moyo. Mfundo imeneyi ndi yoona, sindikuikana. Koma kukhakhala kofunikako si kwa msasa ayi. HSE imati pansi ponyowa ndi madzi, timapiri tofika ma micrometre 20 timachepetsa kale mwayi woterereka, pomwe osakwana 10 ndi oopsa. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa kuposa pamenepo. Kusiyana kotereku diso silingakuone bwino, n'chifukwa chake ndikulimbikira zoyeza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ena ati zida zimenezi ndi zodula, sukulu yathu ingazipeze kuti? Zoona, koma kuyerekeza malo awiri sikufuna pendulum. Tengani nsapato, muikemo miyala mpaka zonse zilemere 10 N. Ikoleni ku spring balance ya mu labotale, muikoke mosapendeketsa pa liwiro losasintha, muwerenge. Tiyerekeze kuti yawerenga 6 N: ndiye kuti coefficient ndi 0.6. Thirani madzi, mukokenso. Chitani katatu pamalo alionse mupeze avereji. Yesani pa simenti wamba, pa simenti yopakidwa polishi, pa matailosi, ndi pamalo pomwe pakolopedwa ndi madzi a sopo. Kenako sinthani nsapato ya sukulu muike silipasi lakutha.

Chenjezo limodzi: nsapato yokokedwa pang'onopang'ono imapeza nthawi yofinya madzi n'kugwira pansi, pomwe chidendene cha munthu wothamangira kalasi sichipeza nthawi imeneyo. Choncho nambala yanu ya ponyowa ikhoza kupasonyeza pabwino kuposa mmene palili. Ikatuluka yotsika, dziwani kuti pamenepo ndi poopsadi. Ikatuluka yokwera, musathamangire kunena kuti zonse zili bwino.

Zotsatira zanuzo zisathere m'kope. Lembani tebulo, mupite nalo kwa aphunzitsi akulu nyengo ya mvula isanafike. Pemphani zinthu zosafuna ndalama zambiri: chopondera pakhomo chopukutira matope, kukolopa nthawi imene anthu sakudutsa n'kuumitsa pansipo, ndi kusiya kupaka polishi pa masitepe. Ndipo tsiku limene makolo anu adzapite kukagula matailosi, aperekezeni, mutembenuze katoni, muone ngati pali R. Ngati palibe chilichonse, afunseni ogulitsawo kuti matailosiwo anayezedwa ali onyowa kapena ayi.