Sukulu inamanga dziko, koma pakhomo panali mlonda

Pamene atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anasainirana mgwirizano mu 2021, motsogozedwa ndi Public Affairs Committee, wolola atsikana athu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, ambiri anati ndi nkhani ya chovala chabe. Ife tikuonamo funso lakale: kodi mwana ayenera kuvula chiyani pakhomo pa sukulu kuti awerengedwe Mmalawi?

Dziko lino linabadwira m'kalasi. Sukulu ya Overtoun, imene a mishoni ya Livingstonia anatsegula ku Khondowe mu 1894, inatulutsa alembi ndi aphunzitsi amene anayamba kufunsa atsamunda mafunso ovuta, ndipo Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anali mmodzi wa ophunzira a mishoniyi. Makolo athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anakana kutumizako ana ku sukulu zotere. Sikunali kuuma mutu. Anali ndi madrasa awo, ena ankalemba ndi zilembo za Chiarabu, ndipo ankadziwa kuti kuseri kwa bolodi kunali madzi a ubatizo. Koma ufulu utafika mu 1964, maofesi ankafuna setifiketi ya Chingerezi, ndipo ochepa mwa ife anali nayo.

Boma la Dr Kamuzu Banda linafuna mtundu umodzi wa lilime limodzi. Mu 1968 Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chilankhulo cha dziko. Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Chichewacho chinatilumikizadi, umboni wake ndi tsamba lino. Komabe mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera kuzigawo za kwawo, pomwe a kumpoto ankanenedwa kuti akukondera ana a kwawo. Sukulu yomwe inkayenera kufafaniza malire inawalembanso ndi choko, ndipo mavoti a 1994 anatsata mizere yomweyo.

Maphunziro aulere a pulayimale a 1994 anadzaza makalasi, ophunzira kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Lamulo la 1996 loti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo linasowa mabuku ndi aphunzitsi okonzeka, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Choncho mwana wa ku Makanjira, amene kunyumba amayankhula Chiyao ndipo masana amawerenga Chiarabu ku madrasa, akalowa Sitandade 1 amakumana ndi zilankhulo zina ziwiri asanathe kulemba dzina lake.