K4,000 ya nsomba na munthu wa pa WhatsApp

Sabata yatha msuweni wanga wa ku Feira ananitumila foni usiku. Iye amagula nsomba zouma kwa asodzi ba pa Zambezi, nakuzipeleka ku Luangwa Bridge, nthawi zina mpaka kuno ku Soweto. Chaka chino malonda yamuyendela, wasungako K4,000. Manje kuli munthu pa WhatsApp wamene amuuza ati, "Faka mu ETF, mwezi uliwonse uzilandila hafu pamwamba." Funso yake inali imodzi chabe: "Nitumize?"

Ninamuletsa. Na imwe ngati uthenga wa so wafika pa foni yanu, osatumiza. ETF yeve ni chinthu cha zoona, bodza ili pa hafu ija.

ETF ili monga dengu. M'malo mogula masheya ya kampani imodzi, mugula kagawo ka dengu mwamene muli makampani yambili, ndipo kagawo aka kagulidwa na kugulitsidwa pa stock exchange monga sheya iliyonse. Yoyamba ku South Africa, Satrix 40, inangena pa msika wa Johannesburg mu 2000, ndipo mkati muli makampani 40 yakulu ya pamsika uja. Ku America kuli yamene ikonkha S&P 500 kuchokela mu 1993. Kampani imodzi ikagwa, zinzake zimakunyamulani. Wa ku Luangwa aziba kale izi: njovu zikangena m'munda wa chimanga, wamene ali na mbuzi, mphasa na masau salala na njala.

Koma chilala chikabwela chimakhudza vonse. Mu 2008 S&P 500 inatsika kupitilila 30 pelesenti m'chaka chimodzi. Anthu anayembekeza zaka kuti ndalama yao ibwelele. Ndiye munthu wolonjeza phindu yokhazikika mwezi na mwezi sakugulitsani ETF iyai, afuna chabe mobile money yanu.

Njila yeniyeni iyambila kwa broker wamene ali na laisensi ya Securities and Exchange Commission. Mufunseni laisensi, mukaione na maso, osachita manyazi. Lusaka Securities Exchange, yamene inayamba malonda mu 1994, ili na ma broker bake, ndipo ni kwamene anthu amagula masheya ya Zanaco, Zambia Sugar olo Zambeef. Muzatsegula akaunti mu dzina yanu na NRC yanu. Ndalama siyenda pa nambala ya munthu wamene pa profile afakapo chithunzi cha Benz.

Apa pomwe nifuna mukhale tchelu. Ma ETF yamene nachula yali kunja, yagulidwa na rand olo dola. So mufunse broker ngati afikako, komanso azadula zingati potumiza, pogula na pogulitsa. Pa K500, ma charge yangadye phindu ya chaka chonse musanayambe. Ndiye pali nkhani ya kwacha. Mu 2013 dola inali pafupi na K5, mu 2024 inadutsa K25. Wamene anali na dengu ya madola anasekelela. Koma kwacha ikalimba, dengu yomweyo ichepa mukaisintha, olo makampani yachite bwino.

Vuto ya msuweni wanga inali ina. Pa 1 December fish ban iyamba, nsomba kulibe mpaka kumapeto kwa February. K4,000 ija ndiye mpamba wa mu March, ndiye nsapato za ana mu January. Ndalama ya so siyenela kungena mu ETF. Mu ETF mufaka yamene mungaiwale zaka 5, osati yamene landlord aiyembekeza pa month end.

Tinagwilizana so. K1,500 ikhale pafupi, ya unga na sukulu. K2,000 apite nayo kubanki akafunse za treasury bill ya Bank of Zambia. Izi ziyambila pa K1,000, ndipo ilipo ya masiku 91, pafupifupi kutalika kwa ban yomweyo. K500 yotsala ayambe nayo unit trust ya laisensi ya SEC, yamene nayo ni dengu, kusiyana kwake ni kwakuti mugula kwa kampani yoyendetsa, osati pa msika. Akazolowela kuona nambala ikukwela na kutsika mtima osagunda, tizakamba za Johannesburg.

Wa pa WhatsApp uja anatumanso kabili, ati ofa itha Friday. Msuweni anamupempha nambala ya laisensi. Mpaka lelo ni ma blue tick chabe.