Mafakitale Ayambire pa Mjigo wa m'Mudzi

Anthu akamakamba za mafakitale, maganizo awo amathamangira ku nyumba zikuluzikulu zofuka utsi ndi makina olira usana ndi usiku. Koma makina aliwonse, angakule motani, amadalira tizinthu tobisika m'kati mwake: timphira ndi magasiketi totseka pamene zitsulo ziwiri zakumana, kuti madzi, oilo kapena mpweya zisapulumuke. Kamphira kakatha, chigayo chimaima, galimoto imagona panjira, mjigo umauma. Mtundu wofuna kudzidalira uyenera kuphunzira kupanga tizinthu timeneti, ndipo kwa Amalawi poyambira pake mposachita kufunsa: pa mjigo wa m'mudzi.

Mjigowo si mlendo m'dziko muno. Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chitayamba m'chaka cha 1968, misewu inalambulidwa, misika inamangidwa ndipo zitsime zinakumbidwa m'zigawo zambiri za boma la Lilongwe. Koma mapampu a masiku amenewo anali olemera, ndipo akawonongeka mudzi unkadikira amisiri a Boma kuti abwere ndi galimoto. Pofuna kuthetsa vutoli, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri anakonza pampu yotchedwa Maldev, naiyesa ku chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu. Ntchitoyo inapitirira ku Kenya, kumene inabala pampu ya Afridev, yokoka madzi akuya mpaka mamita 45. Lero kuchokera ku Mpingu mpaka ku Namitete, kuchokera ku Nsaru kukafika ku Kabudula ndi ku Nambuma, ndiyo pampu imene amayi amapopa m'mawa uliwonse.

Ubwino wa Afridev ngwakuti eni mudzi angathe kusolola ndodo zake ndi manja, osazula mapaipi. Kunsonga kwa ndodozo kuli pulanja yovala kamphira kotchedwa U-seal, kamene kamakhuza m'mbali mwa silinda nkukweza madzi. Pansi pake pali valavu yokhala ndi O-ring ndi bobini, yoletsa madzi kubwerera m'chitsime. Pa chogwirira pali mabushi anayi a pulasitiki. Tonseti timaperepeseka, makamaka pamene madzi ali ndi mchenga, ndipo tiyenera kusinthidwa pafupifupi chaka ndi chaka. Ndowa ikamachedwa kudzaza, kapena mayi akamapopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke, ndiye kuti kamphira kakupempha mnzake.

Tsono kanthu kokwana m'chikhatho ndiko kamagamula ngati anthu 250, amene mjigo umodzi uyenera kutumikira, amwe madzi abwino kapena abwerere ku zitsime za m'madambo. Njira ya ku dambo ndiyo njira ya kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma amene analira maliro ambiri.

Chodandaulitsa nchakuti pampu imene mbewu yake inamera m'dziko muno imadalira masipeyala amene ambiri amachokera ku India. Ndalama ya Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wakunja unakwera, ndipo mtolowo unagwera komiti ya mjigo imene imasonkha ndalama za fodya, mtedza ndi chimanga. Akulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Madzi akumwa ndiwo phukusilo.

Alipo ena amene adzanena kuti ntchitoyi njosatheka, popeza U-seal amapangidwa ndi mphira ya nitrile, yochokera ku mafuta a pansi, osati ku mitengo ya ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Zimenezo nzoona. Koma kugula mphira yaiwisi ndi kugula kamphira kothaitha nzosiyana. Kusakaniza, kuumba m'zikombole, kuotcha ndi kuyeza ndiyo ntchito yolemba achinyamata ndi kusiya luso m'dziko. Mphira ya ku Vizara nayo ingathe kupanga magasiketi a mapaipi a madzi, amene sakhudzana ndi oilo. Ndiponso mapulani a Afridev alibe mwini wolipiritsa. Bungwe la Rural Water Supply Network limawapereka kwa aliyense wofuna.

Ena adzati fakitale ya kuno singapikisane ndi mitengo ya ku India. Koma msika wa timphira suuma, chifukwa mjigo uliwonse umabwerera kwa wogulitsa chaka ndi chaka. Afridev imapezekanso ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo msewu wodutsa pa Namitete umakafika ku Mchinji mpaka ku Chipata. Amene wadziwa kuumba kamphira ka mjigo sadzachedwa kuumba ka chigayo, ka njinga yamoto ndi ka pampu yothirira kudimba. Chofunika kusamala ndi muyezo, pakuti kamphira kosalimba nkoipa kuposa kakunja. Apa mpamene bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, liyenera kuimirira nji, osalola katundu wachinyengo, wa kuno kapena wakunja.

Udindo uli pa aliyense. Boma ndi mabungwe okumba mijigo alonjeze kugula timphira ta kuno tikapambana mayeso, kuti wamalonda wa ku Kanengo alimbe mtima kugula makina. Sukulu za ntchito zamanja, monga Namitete Technical College, ziphunzitse kusula zikombole ndi kuyeza mosaphonya. Alangizi a zamadzi ndi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a m'madera alimbikitse makomiti kusintha timphira nthawi yake, osadikira kuti mjigo uyambe wafa, pakuti chakudza sichiyimba ng'oma.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zitatu za chuma cha dziko. Nsanamira imeneyo sidzadzuka ndi misonkhano yokha ayi. Idzadzuka tsiku limene mekaniki wa ku Nsaru adzaveka pulanja kamphira koumbidwa ndi manja a Mmalawi, madzi nkutuluka.