Lenzi yoti tombolombo asakuthaweni

Anandiyambitsa ndi mwana wanga wamkazi. Tsiku lina anabwera ndi tsamba la chimanga lobookabooka, mbozi ili pompo, n'kumati, "Adadi, ijambuleni tiwatumizire alangizi." Ndinatenga lenzi yanga yakale, yolembedwa bwinobwino kuti macro. Chithunzi chake? Kakachingwe kabulawuni basi. Chonsecho ntchemberezandonda zomwe zinativutitsa m'minda mu 2017 zija zimadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, komanso timadontho tinayi chakumchira. Palibe chinaoneka, ndipo alangizi akanangoganizira.

Ndiye mawu oti macro asakunamizeni. Malenzi ambiri okoka chinthu chakutali amawalemba choncho, koma amangofika pa 1:3 kapena 1:4. Inu funani yolembedwa 1:1, kutanthauza kuti nyerere ya mamilimita 5 imatenga mamilimita 5 omwewo pa sensa ya kamera.

Koma nkhani yaikulu ndi mtunda. Mbozi sithawa, mutha kuiyandikira mmene mungafunire. Yesani tombolombo kapena gulugufe muone! Ndi lenzi ya 60mm, kuti mufike pa 1:1 galasi limatha kukhala masentimita 5 okha kuchokera pa kachilomboko. Mthunzi wanu ukangokafika, kapita. Akakhala mavu, othawa ndinu. Malenzi a 90mm a Tamron, 100mm a Canon kapena 105mm a Nikon ndi Sigma amakusiyani chapatali ndithu, masentimita oposa 10. Ine ndinagula ya 100mm yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sindinadandaulepo. A 180mm ndi abwino, inde, koma kulemera kwake ndi mtengo wake, aaa, sukulu fizi ingalire.

Chenjerani ndi nambala ya mtunda yolembedwa pabokosi: amayeza kuchokera pa sensa, osati kutsogolo kwa galasi.

Mukayandikira chonchi, malo ooneka bwino amachepa kufika milimita imodzi. Diso la chiwala likawala, miyendo yachita chimbuuzi. Ine ndimaika f/11 n'kulawirira mame asanakamuke, tizilombo tikadali tozizidwa.

Ngati ndalama sizikukwana, timachubu toika pakati pa kamera ndi lenzi yomwe muli nayo kale timathandiza, ngakhale timadya kuwala. Mbozi ija tinaijambulanso ndi timeneti, tobwereka kwa mnzanga, Y wake n'kuonekera poyera.