Khoswe wa pa Mkhate: Za Maloko a pa Zimbale za Nyimbo

Pakati pa katundu amene amalume anga anasiya atamwalira panali katoni ya zimbale za nyimbo zimene anagula pa nthawi yomwe ankagwira ntchito ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wayilesi yathu yoyimba zimbale inawonongeka kalekale, choncho katoniyo inkangokhala kunsi kwa bedi. Tsiku lina ndili pa tchuthi, mayi anga anaitulutsa n'kunena kuti, "Iwe umadziwa za makompyuta, undiikireko nyimbo za amalume akowa m'foni mwangamu kuti ndizimvera ndikawasowa." Ndinakabwereka laputopu yakale yokhala ndi polowetsera chimbale, ndipo ntchito inayenda bwino mpaka pamene ndinafika pa chimbale chimene amayi ankachifunitsitsa. Kompyuta inachizungulitsa kwa kanthawi, koma mmalo moonetsa nyimbo inangoonetsa timafayilo tachilendo. Nditayang'anitsitsa kuseri kwa chikuto chake ndinapeza timawu ting'onoting'ono tochenjeza kuti chimbalecho chinatetezedwa kuti chisakopedwe, ndiponso kuti mwina sichingayimbe pa makina ena. Kapepala ka mtengo kanali kadakali pomwepo, umboni woti amalume anachigula ndi ndalama zawo m'sitolo.

Amayi anandifunsa kuti, "Kodi chakalika?" Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, eni ake anachitseka dala." Iwo anadabwa n'kufunsanso kuti, "Eni ake ati, poti achimwene anachigula?" Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba chimangirizo chino. Maganizo anga ndi oti maloko amene makampani a nyimbo ankaika pa zimbale anali kulakwitsa kwakukulu, chifukwa ankalanga munthu wokhulupirika amene walipira, pomwe wakuba yemwe ankamufunayo sanamugwire n'komwe.

Tiyeni tiyambe taona mmene nkhaniyi inayambira. Mu 1980 makampani a Philips ndi Sony anagwirizana malamulo a kapangidwe ka chimbale cha CD, amene amadziwika ndi dzina loti Red Book. Cholinga chake chinali choti chimbale chilichonse chiziyimba pa makina aliwonse, posatengera amene wawapanga. Malamulowa sanaikemo njira yeniyeni yotsekera nyimbo, pakuti nthawi imeneyo munthu wamba analibe chida chokopera chimbale. Zinthu zinasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene makompyuta a m'nyumba anayamba kutha kuwotcha zimbale komanso kusandutsa nyimbo kukhala mafayilo a MP3. Mu 1999 kunabwera Napster, pulogalamu imene inkathandiza anthu kugawana nyimbo mwaulere pa intaneti, ndipo ngakhale inatsekedwa mu 2001 kutsatira chigamulo cha khoti ku America, mchitidwewo unali utafala kale. Makampani a nyimbo anachita mantha, ndipo anaona kompyuta ngati mdani wawo.

Njira imene anasankha inali yopanga zimbale zoti wayilesi wamba iziyimba, koma kompyuta izisokonezeka nazo. Ena ankaika dala zolakwika m'kati mwa nyimbo, podalira kuti wayilesi idzazilumpha koma kompyuta idzakodwa. Ena ankawonjezera chigawo chachiwiri cha mafayilo chakumphepete kwa chimbale, kuti kompyuta iziona chigawo chimenecho n'kuphonya nyimbo zenizenizo. Vuto linali loti makina ambiri oyimbira nyimbo, monga mawayilesi ena a m'galimoto ndi makina a DVD, amawerenga chimbale mofanana ndi kompyuta, ndiye nawonso ankakana. Mu 2001 anthu amene anagula chimbale cha Natalie Imbruglia chotchedwa White Lilies Island ku Britain anadandaula kwambiri, mpaka kampani ya BMG inavomera kuwasinthira ndi zimbale zopanda loko. Mu 2002 chimbale cha Celine Dion cha A New Day Has Come chimene chinagulitsidwa ku Ulaya chinkaumitsa makompyuta ena a Apple n'kukanirira m'kati. Nayo kampani ya Philips inanena poyera kuti zimbale zoterezi zinkaphwanya malamulo a Red Book, choncho sizinali zoyenera kukhala ndi chizindikiro cha CD yeniyeni. Apa tikuona kuti wogula ankapatsidwa katundu wolumazidwa dala pa mtengo wa katundu wabwinobwino.

Mwina wina akhoza kunena kuti zovuta zimenezi zinali zopiririka malinga ngati kuba kukanatha. Koma kodi kunatha? Mu 2002 zinadziwika kuti loko wina wa Sony wotchedwa key2audio ankatha mphamvu munthu akangodetsa m'mphepete mwa chimbale ndi cholembera cha maka. Mu 2003 John Alex Halderman, yemwe panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Princeton, anaonetsa kuti loko wotchedwa MediaMax ankalephera kugwira ntchito ngati munthu adinikiza batani la Shift polowetsa chimbale mu kompyuta. Kampani ya SunnComm, imene inapanga lokoyo, inaopseza kuti imusumira, koma kenaka inabweza moto. Chofunika kuchimvetsa n'choti wakuba safunika kuthyola zimbale zonse. Munthu mmodzi yekha akatulutsa nyimbo n'kuziika pa intaneti, zatha, aliyense azipeza zopanda loko. Ine ndemwe ndinaziona zimenezi: chimbale cha amalume chija mnzanga wina wa ku koleji anachitsegula ndi pulogalamu ina pa mphindi zowerengeka chabe. Amene akanagonja ndi munthu ngati mayi anga, yemwe sanaganizepo zobera aliyense.

Chinthu chochititsa manyazi kwambiri chinachitika mu 2005. Pa 31 October chaka chimenecho, katswiri wa makompyuta Mark Russinovich analengeza kuti anapeza pulogalamu yobisika mu kompyuta yake, ndipo atafufuza anapeza kuti inachokera pa chimbale cha Get Right with the Man cha gulu la Van Zant, chimene anagula yekha. Kampani ya Sony BMG inali itaika pa zimbale za mitundu 52 loko wotchedwa XCP, wopangidwa ndi kampani ya ku Britain ya First 4 Internet. Munthu akalowetsa chimbale mu kompyuta ya Windows n'kuvomera mawu a mgwirizano amene ankaoneka, pulogalamuyo inkakhazikika m'kati mwenimweni mwa kompyuta n'kudzibisa, pogwiritsa ntchito njira imene akatswiri amaitcha rootkit, yomwe kawirikawiri ndi ya anthu opanga mavayirasi. Inkabisa fayilo iliyonse imene dzina lake layamba ndi zilembo za $sys$, ndipo pasanathe masabata awiri opanga mavayirasi anayamba kutchula mafayilo awo mwa njira yomweyo kuti nawo asamaoneke. Munthu akayesa kuichotsa yekha, polowetsera chimbale pankasiya kugwira ntchito. Ngakhale pulogalamu yoyamba yochotsera imene kampaniyo inapereka inatsegulanso mpata wina woopsa.

Mkulu wina wa Sony BMG, Thomas Hesse, atafunsidwa pa wayilesi ya NPR, anayankha kuti anthu ambiri sadziwa kuti rootkit n'chiyani, ndiye palibe chifukwa choti azidandaula nayo. Yankho limeneli, m'kuona kwanga, likuulula mtima wonse wa nkhaniyi. Kusadziwa kwa wogula kunatengedwa ngati chilolezo. Munthu akagula thumba la ufa, wogulitsa sapeza ufulu wolowa m'khitchini mwake usiku kuti akaone amene akudya nawo nsima. Kompyuta ndi katundu wa mwini wake, ndipo muli makalata ake, zithunzi zake ndi ntchito yake. Choseketsa china n'choti ofufuza anapeza kuti mu XCP munali zidutswa za mapulogalamu a anthu ena, monga LAME, zimene zinatengedwa mosatsata malamulo a eni ake. Chida choteteza umwini wa luso chinali chitaphwanya umwini wa luso wa ena.

Mapeto ake anali owawa kwa kampaniyo. Mu November 2005 inaitanitsa zimbalezo kuti zichoke m'masitolo, ndipo mwezi womwewo chigawo cha Texas chinaisumira kudzera mwa mkulu wa zamalamulo Greg Abbott. Mu January 2007 inagwirizana ndi bungwe la boma la America loona za malonda la FTC kuti ilipira ndalama zofika madola 150 kwa aliyense amene kompyuta yake inawonongeka. Oyimba nawo anapwetekeka, chifukwa mayina awo ndi amene anali pa zikuto. Tim Foreman wa gulu la Switchfoot anafika polembera okonda nyimbo zawo malangizo a mmene angalambalalire loko amene anaikidwa pa chimbale chawo chomwe. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Makampaniwa anaponya chibonga, mkhate unasweka, khoswe n'kuthawa.

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti ndikuikira kumbuyo kuba. Woyimba amalipira situdiyo, oyimba zida ndi wojambula, ndipo ayenera kudya thukuta lake. Ife kuno ku Malawi tikudziwa bwino ululu umenewu, pakuti taona timashopu towotcha nyimbo m'misika, momwe chimbale chimene munthu wachivutikira chaka chathunthu chimathiridwa m'fulashi kapena mu memore khadi pa ndalama yochepa, mwini wake osalandirapo kanthu. Dandaulo la makampani linali loona. Chimene ndikutsutsa ndi mankhwala amene anasankha. Bungwe la Cosoma, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa luso m'dziko muno, linatenga njira yomata kachizindikiro konyezimira pa makaseti ndi zimbale zovomerezeka. Njira imeneyi nayo sinathetse kuba, koma ili ndi ubwino umodzi waukulu: imathandiza wogula kuzindikira katundu weniweni ndipo imalunjika pa wogulitsa zakuba, osakhudza wayilesi kapena kompyuta ya munthu. Imamutenga wogula ngati bwenzi la woyimba, pamene loko ankamutenga ngati mbava imene sinagwidwebe.

Mbiri yaonetsa kumene choonadi chinali. Pofika mu 2007 makampani akuluakulu, kuphatikizapo EMI, anali atasiya kutseka zimbale zawo. Chaka chomwecho EMI inayamba kugulitsa nyimbo zopanda loko pa iTunes, ndipo mu January 2009 kampani ya Apple inalengeza kuti nyimbo zonse za m'sitolo imeneyo zikhala zopanda loko. Chimene chinabweza anthu ambiri ku njira yolipira sichinali chiopsezo ayi, koma kuphweka. Pamene kugula kapena kumvera nyimbo movomerezeka kunakhala kosavuta kuposa kuzisaka mozemba, anthu ochuluka anasankha kulipira.

Komabe tisafulumire kunena kuti nkhaniyi inatha ndi zimbale. Masiku ano ambiri timamvera nyimbo pa Spotify, YouTube ndi malo ena otero, ndipo nyimbo zimene timasunga m'mapulogalamu amenewa zimakhala zotsekedwa, moti ukasiya kulipira kapena nyimbo ikachotsedwa, umatsala chimanjamanja. Kusiyana kwake n'koti apa munthu amadziwiratu kuti akubwereka, ndipo ine ndilibe nazo vuto bola zinenedwe poyera. Koma pamene wogulitsa wanena kuti "gulani", ayenera kulola wogulayo kumvera nyimbo yake pa chida chilichonse chimene ali nacho, kuisunga, ndi kuisiyira abale ake monga mmene amalume anachitira.

Pomaliza, pempho langa likupita kwa oyimba, makampani ndi opanga malamulo. Tetezani luso, thamangitsani ogulitsa zakuba, ndipo chititsani kuti kulipira kukhale kophweka ndi kotsika mtengo. Koma musamulange munthu amene wabwera yekha ndi ndalama m'manja, chifukwa ameneyo ndiye akukudyetsani. Mayi anga pano amamvera nyimbo ija madzulo aliwonse akamasankha nyemba pakhonde. Anayenera kudikira masabata awiri, laputopu yobwereka ndi luso la mwana wa eni, kuti amve chinthu chimene mchimwene wawo anachilipira zaka zoposa 20 zapitazo.